Kubaya, kuotcha, kufinya: mawu a ululu wa pachifuwa

"Mtima ukundiwawa." Amatero wofedwa, amateronso wonamiziridwa, ngakhale uja wakhuta mbatata chilungulira n'kumugwira. N'chifukwa chake dokotala sakhutira ndi mawu amenewa. Amafunsa kuti, "Bambo, pakupweteka bwanji? Talozani."

Dzanja limayankha msanga kuposa pakamwa. Woloza ndi chala chimodzi, amvekere pakubaya ndikamapuma kapena kutsokomola, kawirikawiri vuto lake limakhala la mapapo kapena nthiti. Dzina loti chibayo linachokera komweko. Koma wina amakunga chibakera, n'kuchikanikiza pakati pa chifuwa, ati ngati andisanjika thumba la chimanga. Chibakera chimenecho madokotala anachipatsa dzina la Samuel Levine, katswiri wa matenda a mtima wa ku Boston. Sichitsimikizira matenda pachokha, koma akachiona sazengereza.

Mtima umadyetsedwa ndi mitsempha yakeyake. Mafuta akaiphimba m'kati, njira imachepa, ndipo munthu akamakwera chitunda kapena kupalasa njinga, chifuwa chimathina. Akaima n'kupumula, pamphindi zochepa ululu umazilala. Imeneyo ndi angina, imene William Heberden anaifotokoza ku London mu 1768. Heart attack ndi pamene magazi aundana n'kutsekeratu njira ija, mnofu wa mtima n'kuyamba kufa. Apa kupumula sikuthandiza. Ululu umapitirira mphindi 15, n'kuyenderera ku mkono, makamaka wamanzere, kukhosi, kunsagwada kapena kumsana. Thukuta lozizira limachita kamukamu, mseru umabwera, munthu n'kumabanika.

Ine mawu amene ndimawaopa kwambiri ndi chilungulira, chifukwa ndi ozolowereka. Heart attack nayo imatha kuotcha pamtima, munthu n'kumwa soda, n'kugona kuti aone m'mawa. Amayi, okalamba ndi odwala shuga ndiye zimawabisalira zedi: ena chifuwa sichipweteka n'komwe, amangofooka ndi kubanika.

Kuchipatala mawu a wodwala amawayesa ndi zinthu ziwiri. ECG imajambula mphamvu ya magetsi ya mtima, ndipo iyenera kutengedwa pasanathe mphindi 10 wodwala atafika. Troponin ndi puloteni imene imatayikira m'magazi mnofu wa mtima ukavulala. Pothamangira kuchipatalako poganiza kuti ndi heart attack, ngati asipirini samuwenga ndipo alibe vuto lotaya magazi, wodwala atafune wa 300 mg, osangomeza.