Liwu Limodzi ndi Mkangano wa Firmware mu Debian, 1997–2023

M'nkhani ino tifuna kulondola mbiri ya mkangano umene unasautsa gulu la Debian kwa zaka zambiri, ndi kusonyeza kuti gwero lake linali tanthauzo la mawu.

Liwu loti firmware analiyambitsa ndi Ascher Opler m'chaka cha 1967. Masiku ano limaimira malangizo oyendetsa kachipangizo ka m'kati mwa kompyuta, monga kolumikizira intaneti popanda waya. Kale malangizowa ankakhala okhazikika m'kachipangizomo, koma pambuyo pake makampani anayamba kuwapereka padera kuti kompyuta iziwalowetsa ikangoyatsidwa. Makampani ambiri sanaulule m'mene anawalembera, ndipo analetsa kuwasintha.

Tsono Richard Stallman, amene anayambitsa GNU mu 1983, anaphunzitsa kuti pulogalamu yaufulu ndiyo imene munthu angathe kuigwiritsa ntchito, kuiphunzira, kuisintha ndi kuigawa. Chingerezi chimatchula ufulu ndi ulere ndi liwu limodzi, pamene Chichewa chimasiyanitsa ziwirizi. Firmware yotereyi inali yaulere, koma siinali yaufulu.

Debian, imene Ian Murdock anaiyambitsa mu 1993, inalemba pangano lake mu 1997, lolonjeza kuti mapulogalamu ake onse adzakhala aufulu. Komabe m'kati mwa Linux munali tizidutswa ta firmware tosaululika, ndipo ena ankati timeneti si mapulogalamu enieni, kotero panganolo silitikhudza. Mu April 2004 mamembala anavomereza kuti m'malo angapo liwu loti software lichoke, palowe loti works, lotanthauza chilichonse chopangidwa. Ambiri ankayesa kuti akungosalaza kalembedwe. Koma liwu latsopanoli linatseka pothawira paja, pakuti firmware nayo ndi chinthu chopangidwa. Poona kukula kwa ntchito yoichotsa, anavota m'chaka chomwecho kuti lamulolo liyambe ladikira, ndipo mu 2006 ndi mu 2008 analolanso kuti firmware ina itsale. Lonjezo linakwaniritsidwa mu 2011, pamene Debian 6.0 inatuluka ndi Linux yopanda tizidutswa tija.

Chipambanochi chinabala vuto lina. Munthu woika Debian m'kompyuta yatsopano nthawi zambiri ankapeza kuti sangalumikize intaneti, chonsecho firmware yosowayo anayenera kuitenga pa intaneti pomwepo. Motero mu October 2022 mamembala anasinthanso pangano, nalola kuti firmware yotere izikhala m'zoikira zovomerezeka. Debian 12 ya mu June 2023 ndiyo inayamba kutsata chigamulochi. Ofuna ufulu wosasakaniza ali ndi njira zina, monga Trisquel, imene imagwiritsa ntchito Linux-libre.

Tiyenera kuzindikira kuti mu 2022 tanthauzo la ufulu sanalikhudze. Anangovomereza poyera kuti akunyamula chinthu chimene sichikwanira pa tanthauzolo, nachiika m'chigawo chakechake. Koma mwini kompyuta akadali pomwe anali: firmware yotereyi ikalakwika, woikonza ndi kampani yokha imene inailemba.