Karl Marx ndi Omenyera Chilungamo a Masiku Ano

Karl Marx adabadwira mumzinda wa Trier ku Germany m'chaka cha 1818. Pa nthawiyo, amayi ndi ana omwe ankakhetsa thukuta m'mafakitale a ku Ulaya pomwe eni ake ankangolemererabe. Mu 1848, Marx ndi mnzake Friedrich Engels adalemba kabuku kotchedwa The Communist Manifesto. Iwo adaphunzitsa kuti gwero la kuponderezana ndi chuma, pakuti eni mafakitale amadyera antchito masuku pamutu. Mankhwala ake adali oti antchito agwirizane, alande mafakitale ndi minda kuti zikhale za onse.

Omenyera chilungamo a masiku ano amavomerezana ndi Marx kuti kuponderezana sikuchokera mumtima mwa munthu mmodzi chabe ayi, koma kumazika mizu m'malamulo ndi m'kayendetsedwe ka dziko. Komabe amasiyana naye pawiri. Poyamba, gulu la Black Lives Matter, lomwe lidayamba ku America mu 2013, limadandaula za tsankho la khungu, pomwe la MeToo, lomwe lidafala mu 2017, limadzudzula nkhanza zochitira amayi. Kwa iwo, ngakhale wolemera atha kuponderezedwa. Kachiwiri, ambiri safuna kulanda boma mwankhondo monga adachitira Lenin ku Russia mu 1917, koma kusintha malamulo kudzera m'zionetsero, m'makhoti ndi m'zisankho.

Dziko la Soviet Union lidagwa mu 1991, koma mkangano sudathe. Otsatira Marx amati kuiwala umphawi n'kusadza nthambi, tsinde n'kulisiya. Enawo amayankha kuti malipiro ofanana sachotsa tsankho mumtima. Wofuna kuweruza mlanduwu ayambe wamva mbali zonse ziwiri.