Ngalawa za pa Malingunde

Ife a ku mapiri a Dedza bwato sitilidziwa. Madzi athu ngothamanga. Linthipe ndi Diamphwe sadikira munthu. Tsono mwana wa kwathu akafika pa damu la Kamuzu ku Malingunde, naona ngalawa za matanga oyera zikuseŵera ndi mphepo, amayamba wadabwa. Inenso ndinadabwa nditaziona Loŵeruka lina. Eni ake anali a kalabu ya ngalawa ya ku Lilongwe, ena akuwotcha nyama pagombe, ena akuŵedza mosafuna ndiwo. Koma funso limene landivuta ndi lakale kuposa kalabuyo: kodi madzi ameneŵa mwini wake ndani?

Damu loyamba pa mtsinje wa Lilongwe linamangidwa mu 1966, Lilongwe akali kaboma ka fodya ndi mtedza. Likulu litachoka ku Zomba mu 1975, anthu anachuluka, ludzu linakula, ndipo mu 1989 anamanga damu lachiŵiri. Za ngalawa zinangobwera pambuyo. Damu analimangira mipopi.

Mtsinjewo umachokera m'nkhalango ya Dzalanyama, imene atsamunda anaiika m'manja mwa boma mu 1922. Apa mpamene mbiri imakoma. M'mapiri omwewo muli Kaphirintiwa, pamene makolo athu Achewa amati anthu oyamba anatsikira pamodzi ndi mvula, nasiya mapazi awo pathanthwe lisanaume. Chapafupi panali kachisi wa ku Msinja, kumene Makewana ankapemphera mvula. Mayi ameneyu sankameta tsitsi, poti kumeta kukadakhala kutseka kumwamba. Anali ndi Matsano omutumikira, ndi ng'oma ya Mbiriwiri yoitanira anthu ku nsembe. Mafumu akutali ankatumiza mphatso, podziŵa kuti mvula ya m'minda mwawo ili ndi kwawo, ndipo kwawoko nkofunika ulemu. Nkhondo za Angoni zinapasula Msinja m'zaka za m'ma 1800.

Ena mwa anzanga a sayansi adzaseka, nati tsitsi siligwetsa mvula. Zoona. Komatu taonani: malo amene makolo anawatcha opatulika ndi omwewo amene mainjiniya a madzi amawalemba pamapu kuti asakhudzidwe. Mitengo ya miombo imagwira mvula, niitsitsa pang'onopang'ono mpaka m'chilimwe. Ikadulidwa, madzi amatsika tsiku limodzi atasenza dothi, dothilo nkukakhala pansi pa damu. Woyendetsa ngalawa saliona, iye amaona pamwamba pokha.

Amene akudula ndani? Ndi abale athu omwe, okankha njinga za makala usiku wonse. Ogula ndi a m'tauni, omwe aja otsegula mpopi m'maŵa. Mu 2015 boma linatumiza asilikali kukalondera Dzalanyama. Kumene kale kunkalondedwa ndi mantha a mizimu kunafunika mfuti. Chaka chotsatira, chilala chitavuta, anthu a mu Lilongwe ankalandira madzi mosinthana masiku. Ngakhale ku America zoterezi zinaoneka: mu 2022 nyanja yokumba ya Lake Mead, ya m'chipululu, inaphwa mpaka mabwato omira kalekale anayamba kuonekera m'matope.

Ku Malingunde khoma la damu loyamba analikweza. Kwa zaka zambiri kwakhalanso kukumveka za damu lina pa Diamphwe, m'malire a Dedza ndi Lilongwe. Likadzamangidwa, nafenso tidzakhala ndi nyanja yathu, mwina ndi ngalawa zomwe. Azakhali anga, amene dimba lawo lili m'chigwa chimenecho, anangondifunsa kuti kabichi azikalima kuti.