Ndege za pa Chileka, Monga Ndinazionera

Adzukulu anga, mumandifunsa kawirikawiri ngati bwalo lathu la ndege la Chileka lidzadzukenso, poti kwacha ikungofooka chaka ndi chaka ndipo ndege zimatera mowerengeka. Funso limeneli silinayambe lero. Ine ndinabadwira kuseri kwa phiri la Michiru nkhondo ya Hitler itangotha, ndipo bwalo limeneli ndaliona likudzaza anthu, likuzizira, kenako likuyesanso kudzuka. Khalani pansi ndikuuzeni mmene zinayendera, kenako muweruze nokha.

Ndiyambe ndi zimene ndinangomva kwa akuluakulu. M'chaka cha 1949, chaka cha njala yoopsa ija, pamene anthu a ku Lunzu ndi ku Lirangwe ankakumba mizu m'tchire kuti ana adye, kampani ya ku Britain yotchedwa BOAC inayamba kuteretsa ndege zake pamadzi ku Cape Maclear. Zinkachokera ku Southampton kupita ku Johannesburg, ndipo apaulendo ankatsikira pa hotela ya m'mbali mwa nyanja. Azungu a ku Zomba ndi ku Blantyre anakondwa kuti dziko latseguka. Chimwemwe chawocho sichinakhalitse. Pofika kumapeto kwa 1950, BOAC inasiya ndege zotera pamadzi, kenako hotela ija inasowa alendo n'kutsekedwa. Ndege zimenezo sizinkabwerera ife. Zinkangopumira pano paulendo wa eni ake, ndipo zitapezeka ndege zina zothamanga zotera pamtunda, zinatidumpha osacheuka.

Chileka ndiye anali khomo la dziko la Nyasaland. Ndege za Central African Airways zinkachokera ku Salisbury, komwe lero mumati Harare, zitanyamula akuluakulu a boma, azungu a m'minda ya tiyi ndi makalata. Ife ana tinkaimirira kunja kwa mpanda n'kumawerenga mapiko ndi mawindo. Pa 6 Julayi 1958 ndinaona khamu limene ndinali ndisanalionepo. Anthu anabwera pa malole, pa njinga, ena wapansi usiku wonse, kudzalandira Dr Hastings Kamuzu Banda amene anakhala kunja zaka zambirimbiri. Amayi ankalulutira, fumbi linali kobo. Patangotha miyezi isanu ndi itatu, bwalo lomwelo linaona zina. Asilikali a boma la chitaganya anatsikira pomwepo, ndipo pa 3 Malichi 1959 Kamuzu anakwezedwa ndege pa Chileka kupita kundende ya ku Gwelo. Mukamadutsa pamsewu uja muzidziwa kuti mbiri ya dziko lino inalowera ndi kutulukira pamenepo.

Komatu amene anadzaza ndege pa Chileka sanali azungu kapena andale. Tinali ife, anyamata a kumudzi opita ku migodi ya golide ku Joni. Bungwe la Wenela, limene dzina lake linatsalira pa depoti ya mabasi mu Blantyre, linali ndi ndege zakezake. Munthu unkalembetsa, adokotala n'kukupima pachifuwa ndi kukuyesa pa sikelo, kenako n'kudikira tsiku lako. Ndege inkakunyamula pa Chileka kukakutula ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo kuchokera kumeneko unkakwera sitima mpaka ku Johannesburg. Ambiri a ife tinakwera ndege tisanakwerepo galimoto yaing'ono. Ikamanyamuka, wina ankatseka maso, wina ankatchula dzina la amayi ake, wina ankaimba nyimbo ya kutchalitchi chamumtima.

Pobwerera zinali zina. Munthu unkatsika utavala jekete ndi chipewa, m'sutikesi muli bulangete la amayi ndi nsalu za akazi, kumanja wailesi kapena gumbagumba. Gawo lina la malipiro ankatisungira kuti tidzalandirire kuno kwathu, ndipo ndalama imeneyo ndiyo inagula malata, njinga, ng'ombe ndi makina osokera m'midzi yambiri, komanso inkalowetsa ndalama zakunja m'thumba la boma. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Ndiye mudziwe kuti ndege zimenezo sizinkasowa okwera. Zinkapita zodzaza, zinkabwera zodzaza. Amayi ogulitsa nthochi, mbatata yootcha ndi zitumbuwa m'mbali mwa msewu wa ku bwalo ankapindula. Ngakhale nyimbo za kwela za kumwera zinamera mizu kuno, moti anyamata a kwa Kachamba, Daniel ndi Donald, anatchukitsa dzina la Chileka mpaka ku Ulaya.

Chakudza sichiimba ng'oma. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela ya mtundu wa DC-4 inanyamuka pa Francistown kubwera kuno, ndipo isanapite patali inagwa n'kuyaka. Mwa anthu 84 amene anali mmenemo, 78 anafa, ambiri mwa iwo Amalawi amene anali atamaliza kontalakiti akubwerera kwa akazi ndi ana awo. Ofufuza anapeza kuti mafuta a ndegeyo anali atasakanikirana ndi mafuta a mtundu wina. Maliro amenewo anagwa m'maboma ambiri nthawi imodzi. Panali mabanja amene anali atafulula kale thobwa lolandirira mwana wawo. Kamuzu analetsa kulemba anthu opita ku migodi, ndipo amene anali kale kumeneko anayamba kubwerera m'magulumagulu. Ulendo wa ku migodi unadzatsegulidwanso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, ife tinkati Theba, koma chiwerengero sichinafikenso pakale, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 unatheratu pa mkangano wa kuyeza magazi. Apo ndi pamene Chileka anataya okwera ake enieni.

Chaka chomwecho cha 1974 tinaonanso chinthu chotinyaditsa. Kampani yathu ya Air Malawi, imene inabadwa mu 1964 pamodzi ndi ufulu, n'kudziimira payokha mu 1967 Central African Airways itatha, inagula ndege yaikulu ya VC10 kwa British Caledonian. Inali ndi mainjini anayi kumchira, ndipo inapangidwira mabwalo aafupi a kumalo otentha monga lathuli. Mu Disembala 1974 inayamba ulendo wa ku London. Ikamanyamuka, nthaka inkanjenjemera, nkhuku zinkathawira m'nkhokwe, ife mitima ili m'mwamba kuti mbendera yathu ikukatera ku Gatwick. Sindinganame, zinali zokoma kuziona.

Koma ndege imeneyo inabwera mitengo ya mafuta itakwera kale padziko lonse mu 1973, ndipo inkamwa mafuta koopsa. Inalinso imodzi yokha, kotero ikadwala ulendo wonse unkaima. Amalawi okhala ndi ndalama yopitira ku London anali ochepa zedi. Mafuta atakweranso mu 1979, pomwe mitengo ya fodya ndi tiyi sinali bwino, kampani inalephera kupirira ndipo ulendo wa ku London unatha chaka chomwecho. Ndegeyo inakhala ku England kudikira wogula amene sanapezeke, ndipo mu 1981 inabwezedwa pa Chileka. Inaima pambali pa bwalo zaka zoposa khumi, ikuchita dzimbiri, udzu ukumera m'munsi mwake, mpaka anaiphwanya m'zaka za m'ma 1990. Makolo anu anakula akuiona itaima pomwepo.

Mavuto sabwera limodzilimodzi. Nkhondo ya ku Mozambique inadula njanji za ku Beira ndi ku Nacala, katundu wathu n'kumazungulira ku Durban ndi ku Dar es Salaam pamtengo wowawa, mafuta a ndege omwe. Likulu linali litasamuka kale ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, ndipo mu 1983 bwalo latsopano la Kamuzu linatsegulidwa ku Lumbadzi. Ndege zikuluzikulu zakunja zinasamukira komweko. Blantyre anatsala ndi mafakitale, mabanki ndi masitolo, koma munthu wa bizinesi ankayenera kuyamba wapita ku Lilongwe kuti akakwere ndege ya kutali. Amayi a nthochi aja anasamutsira malichero awo kwina. Ku Lilongwe nakonso KLM ndi British Airways zinatera zaka zingapo, kenako zinasiya.

Air Malawi inalimbikira ndithu. Mu 1991 inabweretsa Boeing 737 imene anaitcha Kwacha, ndipo maulendo amene ankaigwiriziza anali a pafupi: Johannesburg, Harare, Lusaka, Nairobi, Dar es Salaam. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera, amayi a geni ndiwo anatenga malo a anyamata a migodi, akumapita kukapikula zovala, nsapato ndi ziwiya. Koma kwacha itasiyidwa kuti iziyenda yokha pamsika mu 1994, tikiti inayamba kuthawa matumba a anthu. Ambiri anatsikira ku basi yodzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, masiku awiri pamsewu, miyendo itatupa. Ngongole zinaunjikana pa kampaniyo. Mu 2011 mafuta anasowa m'dziko, galimoto zikugona pa mizere, mu Meyi 2012 kwacha inagwetsedwa, ndipo mu 2013 Air Malawi inatsekedwa. M'malo mwake munabwera Malawian Airlines, imene inayamba kuuluka mu Januwale 2014, boma lili ndi magawo 51 pa 100 ndipo Ethiopian Airlines ili ndi 49.

Zotsalazo mwaziona nokha. Mu Januwale 2019 South African Airways inaimika kaye maulendo ake a pa Chileka, oyang'anira za ndege a kwawo atapeza kuti mpanda wa bwalo unali wobooka ndipo galimoto zozimitsa moto ndi ambulansi sizinali bwino. Mu 2020 matenda a Covid-19 anatseketsa mabwalo kwa miyezi ingapo. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti.

Tsono mvetsani chifukwa chake kugwa kwa kwacha kumapweteka bwalo ngati lathuli msanga. Kampani ya ndege imagulitsa tikiti kwa inu ndi makwacha, koma mafuta, zipangizo zokonzera ndege, inshuwalansi ndi ndalama yobwerekera ndegeyo imalipira ndi madola. Mabanki akasowa ndalama zakunja, makwacha a kampaniyo amangokhala m'buku, akutha mphamvu tsiku ndi tsiku, osatheka kutumizidwa kwawo. Eni ndege akakhala pansi kuti achepetse maulendo, sayamba ndi Lilongwe, chifukwa kumeneko kuli boma, akazembe ndi mabungwe amene amayenda ngakhale chuma chitavuta. Amayamba ndi bwalo lachiwiri, limene okwera ake amalipira kuchokera m'thumba mwawo. N'chifukwa chake mumaona ndege imodzi ikutera ku Lilongwe ndi pa Chileka paulendo umodzi, kuti mipando idzaze. Ndege ili ngati venda wogula mbewu: amapachika sikelo yake pamudzi umene wakolola, ndipo nkhokwe zikatha amanyamuka osatsanzika.

Pa zaka zonse zimene ndakhala, ulendo umene sunafepo ndi wa ku Joni. Ndege yapamadzi inapita, ya ku London inachita dzimbiri, koma njira ya kumwera ilipobe chifukwa kumeneko kuli ana athu, kuli katundu wa m'masitolo mwathu, kuli zipatala zimene odwala athu amathamangirako. Ya ku Addis Ababa nayo imalimba chifukwa kumeneko munthu amasintha ndege n'kukafika kulikonse. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Choncho mukamva wina akulonjeza ndege yochoka pa Chileka molunjika ku Ulaya pomwe mabanki alibe madola, mufunseni kuti okweramo ndani ndipo pobwerera idzanyamula chiyani.

Chiyembekezo chilipo, koma chili pansi pano, osati m'mwamba. Chigawo chino chili ndi tiyi ndi makademiya a ku Thyolo ndi ku Mulanje, phiri la Mulanje ndi la Zomba, nkhalango ya Majete imene inadzazanso nyama kuyambira pomwe African Parks inayamba kuisamala mu 2003, ndi ya Liwonde. Mlendo wodzaona zimenezi amabwera ndi madola, ndipo bwalo lake lapafupi ndi Chileka. Kwa akuluakulu a boma pempho langa ndi ili: samalani mpanda, galimoto zozimitsa moto ndi msewu umene ndege zimathamangapo, lolani makampani atenge ndalama zawo panthawi yake, ndipo musalemetse tikiti ndi misonkho. Kwa inu adzukulu anga ndikuti limani ndi kupanga zinthu zimene anthu akunja angafune kugula kapena kudzaziona. Mukatero simudzachita kupempha ndege; eni ake adzabwera okha kudzafunsa tsiku loti ayambe kutera.