Nkhani imodzi, malembedwe atatu

Ndikamaliza kulemba nkhani, ndimaisiya igone masiku awiri, kenako n'kuiwerenga mokweza pakhonde. Khutu limagwira zimene diso laphonya. Koma kwa ife a ku Fonte Boa, diso nalo lili ndi ntchito yakeyake, ndipo gwero la ntchitoyo ndi lakale.

Ansembe achijezwiti anatsegula mishoni ino mu 1945, ya ku Lifidzi ili kale chikhalire. M'sukulu zamishoni munkalamulira Chipwitikizi, choncho amene anaphunzira nthawi imeneyo ankalemba chilankhulo chathu ndi dzanja la Chipwitikizi. Makalata a agogo anga ndimawasungabe m'kabokosi: "nhumba", "nhama", "nhemba". Mu 1963 ansembe a chipani chomwechi anasindikiza dikishonale ku Lisbon, Dicionário Cinyanja-Português. Taonani dzinalo, Cinyanja, c wopanda h. Mwini bukulo analembedwa kuti ndi amishonale, basi. Ine zimandiwawa pang'ono, chifukwa mawuwo sanagwe ndi mvula. Anatuluka pakamwa pa anthu a m'midzi yathu yomweyi.

Kutsidya kwa malire zinthu zinayenda mwina. Mu 1968 Malawi anasankha dzina loti Chichewa, mu 1972 kunabwera Chichewa Board, ndipo ch anakhazikika m'mabuku a sukulu. Nkhondo itakula kwathu m'ma 1980, tinathawira ku Ntcheu. Kumeneko ndinalemba "cimanga" m'kope, aphunzitsi n'kuzunguliza ndi cholembera chofiira. Ndinaphunzira kuika h msangamsanga, poopa kusekedwa ndi anzanga. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992 tinabwerera kwathu, n'kupeza kuti akatswiri a zilankhulo amene anakumana ku Maputo mu 1988 anasunga c uja wopanda h. Abale inu!

Ndiye powerenganso zolemba zanga ndimasaka alendo atatu: wa ku mishoni, wa ku Ntcheu ndi wa ku Maputo. Ndikatopa amalowa onse, osaodira n'komwe. Sabata yatha ndinawapeza m'nkhani ya mayi wina wogulitsa mbatatesi ku Ulongwe. Tsamba loyamba linali ndi "chitenje", lachitatu "citenje". Ndinakonza. Patsamba lomaliza, m'kalata imene bambo a mayiyo amulembera, munali "nhemba zapsa ndi dzuwa". Ndinanyamula cholembera kuti ndifufute, n'kuchibwezera m'thumba la malaya. Mkulu ameneyo anaphunzira ku mishoni, limodzi ndi agogo.