Kuda kwa Nthochi, Mbatata ndi Zipatso Zikadulidwa

Mukasenda nthochi, mbatata, mapeyala kapena mabiringano n'kuzisiya poyera, zimayamba kuda pakangopita mphindi zochepa. Kuda kumeneku si kuwola, koma pamsika makaka kapena ufa wakuda umagwa mtengo.

Chimachititsa n'chiyani?

M'zokolola zimenezi muli enzyme yotchedwa polyphenol oxidase. Enzyme ndi kanthu kachilengedwe kamene kamafulumizitsa kusintha kwa zinthu m'thupi la chamoyo. Chipatso chikakhala chathunthu, enzyme imeneyi imakhala yosiyana ndi timadzi tina tam'chipatsomo. Mukachidula, kuchigwetsa kapena kuchipanikiza, ziwirizi zimasakanikirana, ndipo zikakumana ndi mpweya wa okosijeni pamatuluka mtundu wakuda.

Enzyme ina yofanana nayo, yotchedwa tyrosinase, ndi imene imapanga melanin wopatsa khungu ndi tsitsi lathu mtundu. Kumafakitale a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje kuda kumeneku amakufuna: amaphwanya masamba obiriwira n'kuwasiya pampweya kuti ade, kenako amawaumitsa ndi mpweya wotentha.

Mungakupewe bwanji?

Enzyme imeneyi imafuna mpweya, imafooka m'madzi owawasa, ndipo imafa ndi kutentha. Choncho:

1. Kololani mosamala. Musaponye zokolola pansi, musadzazitse matumba, ndiponso musakhalire katundu pangolo kapena panjinga.
2. Dulani ndi mpeni wakuthwa wosachita dzimbiri. Mpeni wobuntha umaphwanya mnofu wa chipatso.
3. Mukangosenda, ikani m'madzi aukhondo kuti mpweya usafikepo.
4. Nthochi ndi zipatso zina zoti muumitse, ziviikeni kwa mphindi 10 m'madzi a mandimu osakaniza ndi madzi, muyezo wofanana.
5. Mbatata ya kachewere yoduladula iviikeni m'madzi owira kwa mphindi 3 mpaka 5, monga muchitira pofutsa ndiwo, kenako muziziritse.
6. Dulani mopyapyala ndi kuyanika nthawi yomweyo pathandala. Yambani m'mawa tsiku la dzuwa, ndipo dulani zokhazo zimene zikwane pathandalapo.

Chinangwa

Chinangwa chimayamba kuchita mizere yakuda m'kati pakapita maola 24 mpaka 72 chikumbidwireni, makamaka chimene chavulala ndi khasu. Kumbani chokhacho chimene mudye, mugulitse kapena muviike tsiku lomwelo.

Chenjezo

Chakudya chimene changoda chabe mutha kudya. Koma mukaona nkhungu, kuterera kapena mukamva fungo loipa, chitayeni, musapatsenso ziweto. Kuti mudziwe zambiri, funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu.