Nkhoswe: Liu Lakale ndi Katundu Wace

Omvera athu, madzulo ano tikambe za liu limene aliyense alidziwa, koma owerengeka okha alilingalira: nkhoswe. Ambiri akamva liuli aganiza za tsiku la cinkhoswe, pamene akucimuna apereka tambala, akucikazi nabwezera msoti. Komatu nkhukuzo ncizindikiro cabe. Nchito yeniyeni iyamba anthu atabalalika.

Pa mwambo wa Acewa mwana ali wa pfuko la amace. Kale mwamuna anali kukhala cikamwini m'mudzi wa mkazi, ndipo woyang'anira mkaziyo ndi ana ace sanali mwamunayo ai, koma mlongo wace wa mkazi, mtsibweni wa anawo, ndiye mwini mbumba. Nkhoswe inali kusankhidwa mwa abale otere, mbali zonse ziwiri. Tsono tanthauzo la liuli ndi ili: munthu woimirira mnzace, woyankha m'malo mwace. Mwana akadwala, nkhoswe ndiyo inali yoyamba kuuzidwa. M'nyumba mukabuka ndeu, mlandu sunali kufika kwa mfumu nkhoswe zisanaukambe. Wina akalakwa, nkhoswe inali kusenza dipo pamodzi naye. Maliro akagwa, nkhoswe ndizo zinali kusudzula wotsalayo ndi kuona kumene ana adzakhala.

Liuli linali lolemera kotero kuti omasulira Buku Lopatulika la 1922 analitenga kuti likhale dzina la Mzimu Woyera m'buku la Yohane. Anaona kuti munthu wa kumudzi adzamva msanga: uyu ndiye woima pambali pako tsiku la mlandu.

Nanga cinasintha nciani? Boma la Azungu litagonjetsa Angoni a Mpezeni m'caka ca 1898, msonkho unatulutsa amuna m'midzi kunka ku Salisbury, ku Wankie ndi ku Joni, ndipo pambuyo pace ku migodi ya mkuwa. Kumeneko mnyamata anali kupeza mkazi wa mtundu wina, atsibweni ace ali kutali. M'caka ca 1931 mgodi wa ku Luanshya unaika akulu a mitundu oweruza timilandu ta m'komboni, ndipo kwa ambiri iwo analowa m'malo mwa abale. Ena anangogwira mnzao wa pa nchito kuti akhale nkhoswe. Kumudzi nako, lamulo la 1929 linapatsa mafumu mabwalo obvomerezedwa ndi Boma, ndipo m'mabwalomo funso loyamba pa mlandu wa ukwati linali lakuti nkhoswe ndani. Popanda nkhoswe, akulu anali kuuyesa cibwenzi cabe, mkazi nabwerera manja ali zii.

Pambuyo pace mphamvu ya atate inakula, ya atsibweni nicepa, ndipo m'caka ca 1989 Zambia inaika lamulo logawa cuma ca womwalira wosasiya kalata, kuti ana ndi mkazi wamasiye asalandidwe zonse ndi abale. Koma lamulo lifika maliro atacitika. Nkhoswe ifika nyumba isanagwe.

Cifukwa cace, inu amene mwapemphedwa unkhoswe, musabvomere cifukwa ca nyama ya tambala. Dzifunseni: akagogoda usiku, kodi ndidzatsegula? Pakuti akulu anati mlandu suola, ndipo tsiku lace likafika adzaitana inu. Tsalani bwino, omvera athu.